Mkazi Wamng'ono Akufuna Kupuma

Galimoto inafera pamalo pomwe inkafera nthawi zonse: pakati pa chitunda chopita kuchipatala, moyang'anana ndi khoma lolembedwa kuti OSAKODZA PANO. Mzime anakoka handibuleki ndi manja onse awiri n'kutuluka kukafuna mwala woika kutayala. Mwalawo unali pompo, pomwe anausiya sabata yatha. Unayamba kukhala ngati wachibale.

Bambo ake sanatuluke. Anangokhala pampando, dzanja lili pachifuwa, akukoka mpweya pang'onopang'ono ngati ukuchokera kutali. Anayendetsa malole mpaka tsitsi linachita mbuu, ndipo utsi wa dizilo unawasiyira mphatso m'mapapo. Lachiwiri lililonse adokotala a pamwamba pa chitundacho ankafuna kuwamvetsera m'chifuwa. Amene anaganiza zomangira anthu obanika chipatala pamwamba pa phiri ayenera kuti anali munthu wanthabwala.

Galimotoyo inali pikiapu yakale yobiriwira, yamkulu kuposa Mzime. Malemu amayi ake ndi amene anaitcha Mkazi Wamng'ono, ati chifukwa bambo ankaisisita kuposa iwo, ndipo ikangotsokomola pang'ono sankadya. Wopereka dzina anapita, dzina linatsala.

Amene anabwera kudzawatola tsiku limenelo anali Chisamba, mkulu wake wa Mzime, amene ankakhala kumtunda komweko kuseri kwa chipatala. Anatsika m'galimoto yake yoyera yosamveka kulira, nayang'ana mwala uja, kenako mng'ono wake.

"Iwe Mzime, zimenezi mpaka liti?"

"Ikangozizira inyamuka, achemwali."

"Ababanso akangozizira ndiye kuti basi. Tamvera, ine ndatopa nazo. Ikadzangoferanso pano, ababa akusamukira kwathu. Chipinda chilipo, chipatala n'chapakhomo. Chitsulochi adzatenge ogula zitsulo."

"Nanga nyumba?"

"Nyumba sidwala chifuwa."

"Ababa sangasiye nyumba ya amayi."

"Wawafunsa?"

Mzime sanawafunse. Zinthu zina n'zodziwikiratu. Pakhomo paja panali mtengo wa mandimu umene amayi anadzala, mpando wa bambo umene unakumbika motsatira msana wawo, ndi msomali umene ankakolekapo makiyi kuyambira Mzime asanabadwe. Munthu samuzula pamalo otero n'kuyembekeza kuti akaphuka kwina.

"Musamukalipire," anatero bambo ali m'galimoto, mawu akutuluka awiriawiri. Anasisita padashibodi ndi chikhatho. "Ameneyu sakudwala ayi. Akungofuna kupuma basi."

Mzime anaphunzira masamu kuyunivesite. Digiri yake inali m'felemu pamwamba pa filiji, pomwe inkagwira ntchito yobisa mng'alu wa pakhoma, ndipo pa awiriwo digiriyo ndi imene inali pantchito. Mwiniwake ankatha masiku akudzaza timabokosi ta manambala ta kumapeto kwa nyuzipepala, ndipo akamaliza ankafufuta n'kuyambiranso. Choncho mawu a bambo anamugwera ngati funso loyamba lenileni chibwerereni kusukulu. Anamvetsera chifuwa chawo chikuliza kamluzu, nayang'ana boneti. Inde. Injini ndi mapapo achitsulo. Ikakalamba imakoka mpweya wochepa, ndipo pachitunda imabanika ngati mwini wake. Mapapo a bambo sakanawachita kanthu. Koma a Mkazi Wamng'ono anali omanga ndi mabawuti.

Mmene sabata imatha anali atadziwa dzina la yankho: tebo, chitsulo chooneka ngati nkhono, chimene chimazunguzidwa ndi utsi wa ekizozi n'kumapopera mpweya wochuluka mu injini.

Galaja ya a Bweramawa inali kuseri kwa malo otsukira mabasi: denga la malata, dzenje limodzi, ndi magalimoto amene eni ake anasiya kubwera mawa. Dzina lawo lenileni linali pachikwangwani koma dzuwa linalidya.

"Tebo? Pa kabuleta?" Anavula magalasi kuti amuone bwino. "A Digiri, nkhalamba saigulira njinga yamoto."

"Ena anachitapo."

"Ena ake ati?"

"Ndaona pafoni."

"Pafoni anthu amaukanso kwa akufa."

Komabe sanamuthamangitse. Anali atatopa ndi kusintha mabuleki moyo wawo wonse. Anapita pachitseko cha sitolo yawo, nakankha ndi phazi chinthu chadzimbiri chimene chinkaletsa chitsekocho kutsekeka ndi mphepo. Inali tebo yaing'ono, yochoka m'galimoto ya dizilo imene inagubuduka kalekale.

"Njira zilipo ziwiri," anatero akuipukuta ndi malaya. "Kabuleta, ija imasakaniza petulo ndi mpweya, mutha kuiika kutsogolo, tebo iziyamwa zosakaniza kale. Kapena tebo ikhale kutsogolo, iziuzira m'kamwa mwa kabuleta."

"Iyi ndi ya dizilo," anatero Mzime. "Tikati iziyamwa, iyamwanso oyilo wake womwe, tifukiza tauni yonse. Iziuzira."

"Mwawerengadi. Chabwino. Bwerani mawa."

Mawa amenewo anachuluka. Panafunika kuwotcherera mapaipi a ekizozi kuti utsi uzidzera m'nkhono muja, ndipo tsiku lowotcherera magetsi anazima. Panafunika kapaipi ka oyilo kopita kutebo ndi kena kobwerera, ndipo kobwererako kanadontha, kanadonthanso, mpaka Mzime anayamba kulota akupukuta pansi. Zala zake zinang'ambika m'mfundo. Tsitsi linkanunkha petulo ngakhale atsuke kawiri. Panafunikanso chipewa chotsekera pakamwa pa kabuleta kuti mpweya wa tebo usathawe, ndipo m'tauni monse munalibe wogulitsa chipewa chotero.

"Poto wa amayi ako uja, wamakutu awiri, ali kuti?" anafunsa bambo tsiku lina madzulo.

"Wakwezedwa pantchito, ababa."

Anamuyang'ana manja, nayang'ana mbale yake imene inali itayera kale. Sanafunsenso. Za galimoto sankafunsa n'komwe, zimene Mzime anaziona ngati ulemu wa dalaivala kwa makaniko. Masiku amenewo Lachiwiri ankawatenga ndi Chisamba, ndipo ankabwerako mochedwa sabata ndi sabata, ndi nkhani za adzukulu: wamng'ono wayamba kuwerenga, wamkulu amabera pa masewero a makadi. Ananenaponso kuti chipinda chija chili ndi windo loyang'ana kum'mawa ndipo palibe sitepe ngakhale imodzi. Mzime anadziwa kuti imeneyi inali njira ya achemwali ake yomenyera nkhondo, ndipo anawonjezera liwiro.

Tsiku loyesa, a Bweramawa anapukuta manja n'kuimika chala.

"Lamulo ndi limodzi. Mukafika komwe mukupita, musazimitse pompo. Isiyeni iziliralira pang'ono, tebo ipume kaye, izizire. Mukapanda kutero oyilo amapserera m'kati."

"Ndamva," anatero Mzime, maso ali pakiyi.

Pamsewu wosalala Mkazi Wamng'ono anasanduka mtsikana. Mzime atangoponda moto panamveka kamluzu kosalala pansi pa boneti, mpando n'kumukankha pamsana. A Bweramawa anagwira chitseko n'kutchula dzina la mayi awo. Anafika pachitunda, kamluzu kanakwera, galimoto inathamanga ngati yaona ng'ona, kenako inatsamwa, inagwedezeka, n'kuzima.

Anatsika. Kale inkafera moyang'anana ndi OSAKODZA. Tsopano inafera moyang'anana ndi PANO.

"Tapita patsogolo ndi liwu limodzi," anatero Mzime, akupita kukatenga mwala wake.

Chodabwitsa chinali chakuti atangodikira pang'ono, injini inalira ngati palibe chachitika. Anayesanso, zomwezo. Ikamayenda mofatsa sinkafa. Inkafa pomwe yapeza mphamvu zambiri, kamluzu katafika pamwamba. Mzime anaona kuti funsoli linali lokongola, ndipo akanalikonda kwambiri likanakhala la munthu wina.

A Bweramawa anati ndi njala. Anakulitsa jeti, kabowo kamene petulo amatulukira m'kabuleta, ndipo galimoto inayamba kutulutsa utsi wakuda m'tauni monse, n'kukaferabe pa PANO. Mzime anati ndi moto. Anasinthitsa mapulagi, mawaya ndi koyilo, sabata yathunthu inapita, n'kukaferabe pa PANO. Mayi wina wogulitsa nthochi pansi pa khomalo anayamba kuwasungira mwala kuti ana asautaye.

"Ndiye tinene kuti tonse ndife madokotala," anatero a Bweramawa atakhala pa tayala, akuyasamula. "Wodwala yekha ndi amene sakugwirizana nafe."

Chisamba anaimba foni. "Ndamva kuti mukuyesa. Yaferanso?"

"Kuyesa sikuwerengedwa, achemwali. Munalibe ababa."

"Lachiwiri likubwerali uwatenge ndiwe. Tione."

Linali Lachisanu. Mzime anatopa mpaka kutopako kunamuchotsera nzeru zonse za pafoni, n'kumusiyira funso la mwana: ikafa, m'mimba mwake mumakhala chiyani? Anakwera chitunda, galimoto inazima, ndipo m'malo modikira anathamanga ndi sikuludiraiva n'kutsegula kambale ka kabuleta, kamene kamasunga petulo pang'ono woti injini izimwa. Kanali gwa, kouma. Thanki inali yodzaza. Pampu ya petulo inkapopa bwinobwino kugalaja. Ndiye petuloyo ankapita kuti?

Kunyumba, m'kabati ya mankhwala, munali kapaipi koonekera m'kati ka makina opumira a bambo, kakale, kamene anamwino anati katayidwe. Loweruka m'mawa anachotsa boneti yonse, nalumikiza kapaipiko pakati pa pampu ndi kabuleta, n'kukakweza m'mwamba kuti kazioneka pagalasi. A Bweramawa anayendetsa, Mzime maso ali pakapaipi. Pansi pa chitunda petulo ankayenda bwino, wofiirira, kulowera kukabuleta. Kamluzu katayamba, anachedwa. Kamluzu katakwera, anaima. Kenako, pang'onopang'ono, ngati mlendo amene wapeza eni nyumba akukangana, anabwerera m'mbuyo.

Mzime anaseka koyamba mwezi umenewo.

"N'chiyani?" anafunsa a Bweramawa, injini ikuzima.

"Akulimbirana chitseko. Pampu ikukankha petulo kuti alowe m'kambale, tebo ikukankha mpweya kuchokera m'kati. Tebo ikakwiya imaposa pampu. Tikamaipatsa mpweya wambiri, m'pamene tikuimana chakudya."

A Bweramawa anakanda m'mutu ndi kiyi. "Ndiye tipeze pampu yamagetsi, yamphamvu."

"Imeneyo idzasefukira tikamayenda mofatsa. Tikufuna pampu yoti izikwiya pamodzi ndi tebo." Anaganiza, akuyang'ana poto wa amayi ake ali chozondoka pamwamba pa kabuleta. "Kuseri kwa pampu kuli kabowo kopumira, eti? Titenge kapaipi kuchoka pachipewa kukalowa pamenepo. Tebo ikamakankha kutsogolo, izikankhanso pampu kumsana."

"Mdani yemweyo akhalenso wothandiza."

"Ngati achibale."

"Ndili nako kachitsulo kolowa pamenepo," anatero a Bweramawa. Anatsegula pakamwa kuti awonjezere mawu awo aja, koma atamuona nkhope anangoti, "Tiyeni lero lomwe."

Inagwira. Petulo sanabwererenso. Injini inayamba kulira ngati muli timiyala m'chitini ikafika pokwera, ndipo a Bweramawa anabweza moto wa mapulagi kuti uzichedwa pang'ono mpaka timiyalato tinatha. Lolemba Mzime anakwera chitunda chonse ali yekha, natsika, nakweranso. Anayembekeza kuti asangalala. M'malo mwake anaimika galimoto pansi pa mtengo n'kugona tulo, mutu uli pachiwongolero.

Lachiwiri bambo anatuluka atavala jekete lawo la maulendo, atanyamula chikwama chachikopa chimene ankayenda nacho pa malole. Anatsika masitepe a pakhonde imodziimodzi, akuima pa iliyonse.

"Chikwamachi n'cha chiyani, ababa?"

"Ika kumbuyo."

Mzime anaganiza kuti mwina akuopa kugonekedwa m'chipatala, ndipo sanafune kuwafunsa za mantha awo. Bambo anaima pang'ono pamtengo wa mandimu, nathyola tsamba, nalifikisa n'kulinunkhiza. Kenako anakwera.

Atafika pansi pa chitunda Mzime anagwira chiwongolero mpaka mabala a m'zala anatseguka. Anaponda. Kamluzu kanayamba. Mayi wa nthochi anaimirira atanyamula kale mwala, ndipo anatsala ali chiimire, mwala uli m'manja, pamene OSAKODZA ndi PANO anadutsa pawindo ngati liwu limodzi.

"Giya yachitatu!" anafuula bambo, akumenya dashibodi. "Pachitunda ichi! Iwe mwana iwe! Amayi ako akanaona, akanachita nsanje mpaka mawa!"

Anaseka, natsokomola, nasekanso. Mzime anali asanawaone choncho chichokereni amayi.

Kuchipatala sanawagoneke. Adokotala anamvetsera, nalemba zomwe ankalemba nthawi zonse. Potuluka pageti Mzime anayatsa indiketa ya kumanja, kolowera kumunsi, kunyumba.

"Kumanzere," anatero bambo.

"Mukufuna mukaone adzukulu?"

"Khotera kumanzere, mwanawe."

Anaima pageti la Chisamba. Katani ya windo loyang'ana kum'mawa inali yatsopano. Bambo anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa makiyi a nyumba, aja a pamsomali, nawaika padashibodi.

Mzime anawayang'ana makiyiwo nthawi yaitali.

"Koma yakwera, ababa. Mwaona nokha. Achemwali anati ikadzafa. Sinafe."

"Yakwera iyo. Ine ndangonyamulidwa."

"Simukuyenera kuwamvera. Tapambana."

"Sindikumvera munthu. Ndinamupempha ndekha mkulu wako, iwe usanayambe n'komwe za poto." Anapuma kangapo asanapitirize. "Nyumba ija ndimaikonda. Koma masitepe aja akula. Chifuwa chikanditseka, ndimagona n'kumaganiza za chitunda ichi, kuti kodi lero tikwera kapena tikhala ndi mayi wa nthochi. Ndatopa, Mzime."

"Munati ikufuna kupuma."

"Ndinatero."

"Ndiye ndaipatsa mpweya."

Bambo anatembenuka n'kumuyang'ana. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo panatenga nthawi kuti Mzime adziwe ngati kunali kuseka kapena kubanika.

"Mwanawe," anatero akupukuta m'maso, "pamene ndinasiya malole, anthu ankati ndapuma pantchito. Iwe unkaganiza kuti andipopa ngati tayala?"

Mzime anayang'ana zala zake, zikhadabo zakuda, chipsera cha ekizozi padzanja. Mawu amodzi, zilembo zisanu ndi chimodzi, oti ngakhale mwana wa Chisamba wongoyamba kuwerengayo akanawamva bwino.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinkati ndikuuze. Ndiye ndinakumva ukuimba m'bafa. Ndinakuona ukumaliza mbale n'kufunsa ngati zatsala. Chibwerereni kusukulu kuja unkangodzuka chifukwa kwacha." Anasisita dashibodi. "Ndinati ameneyu apirire pang'ono, agwire ntchito imodzi yomaliza. Kenako ndaona kuti wamupatsa zaka zina. Ndi wako tsopano. Mandimu aja uzithirira, sakonda kuiwalidwa."

"Ndikakhala ndi ndani kunyumba kuja?"

"Uli ndi galimoto yokwera chitunda pa giya yachitatu. Uzibwera."

Chitseko cha nyumba chinatseguka. Chisamba anatuluka akupukuta manja, ana awiri ali pambuyo pake, naima pakhonde osadziwa ngati ayandikire. Sanaoneke ngati munthu amene wapambana. Ankaoneka wotopa, ngati wina aliyense.

Mzime anatambasula dzanja kuti azimitse injini. Dzanja la bambo, lopepuka ndi lozizira, linagwira lake lisanafike pakiyi.

"Ayi. Za tebo sazimitsa choncho. Ipume kaye."

Mzime anafuna kufunsa kuti kupuma kwake n'kuti, koma anangotseka pakamwa. Anatsamira pampando. Pansi pa boneti nkhono ija inkazungulira pang'onopang'ono, chitsulo chotentha chikuthetheka, poto wa amayi akunjenjemera pamwamba pa kabuleta. Chisamba anakweza dzanja kufunsa kuti mukudikira chiyani. Anakhala momwemo awiriwo, mawindo ali otsegula, akudikira kuti izizire.